Mphamvu tili nazo, kochi ndi amene tilibe

Anzanga a kunyanja, werengani mpaka pansi kenako mutumizire ena.

Mu 2021 ku ma Olympic a ku Tokyo, Malawi idatumiza mtsikana wa judo, Harriet Bonface, gulu la makilo 48. Adakumana ndi Gabriela Chibana wa ku Brazil, ndipo mphindi imodzi isanathe nkhani inali itatha. Mu judo akakugwetsa chagada bwinobwino basi, palibe za raundi yachiwiri. Ena akamva izi amaseka. Ine sindiseka aise. Funso langa ndi loti, kumbuyo kwake kunali makochi angati?

Taonani Jimmy Pedro wa ku America. Judo adayamba ali mwana, omuphunzitsa anali bambo ake omubala. Adatenga bronze ku Atlanta mu 1996, kukhala katswiri wa dziko lonse mu 1999, kubwerezanso bronze ku Athens mu 2004. Koma chimene chimandigwira mtima si mamendulowo ayi. Atasiya kumenya sanakatsegule bala. Adakhalabe pa mateti kuphunzitsa ana, ndipo Kayla Harrison, wophunzira wake, ndi amene adapatsa America golide woyamba wa judo ku London mu 2012, kubwerezanso ku Rio mu 2016. Golide wa Olympic amene kochiyo adamulephera, adamutengera mwana wake wa ntchito.

Ndiye bwerani kuno. Pitani ku Makawa, Malembo kapena Chembe m'mamawa muone mikono ya anyamata okoka chilimira usiku wonse. Ndi mphamvu zosagula zimenezo! Koma zikuthera pa ndewu za pa bawo, kachasu ndi ulendo wa ku Joni. Ife okonza mainjini timadziwa: Yamaha ya 40 hosi ikhale yatsopano bwanji, propela ikapindika bwato limangolira osayenda. Ndipo palibe adaphunzira kutsuka kabuleta pa Facebook, umakhala pambali pa bwana wako zaka mpaka dzanja lizolowere.

Choncho a bungwe la judo m'Malawi muno, nyanja isakuthereni pa maso ngati malo a holide okha. Titumizireni munthu mmodzi wa lamba wakuda adzakhale nafe, osati wodzajambulitsa Loweruka n'kubwerera. Malo tikapempha kwa amfumu ndi a BVC. Mchenga ulipo wophunzirirapo kugwa mateti asanapezeke, ndipo atsikana alowe nawo, paja wotiimira ku Tokyo uja sanali mwamuna.

Amene muli ndi chidwi lembani maina pa gulupu.