Kuthyola ndiwo n'kuwerama

Chaka ndi chaka Angoni a Maseko amasonkhana ku Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano, kukumbukira Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Anyamata a ku Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya, amabwerako akusirira zishango ndi njobo za ovina ngoma. Komatu kusirira kokha sikufufuta chikopa.

Chishango chokongolacho chimayambira pa ntchito yonunkha: kusenda ng'ombe mosaboola chikopa, kuchitambasula ndi zikhomo, kupala mnofu wonse kuti chisawole, kenaka kuchiumitsa. Mmisiri wachikulire saphunzitsa zimenezi ndi pakamwa pokha, amaonetsa ndi manja. Choncho mnyamata wofuna lusoli akhale pambali pa agogowo, awanolere mpeni, awatungire madzi, ndipo ayambe ndi chikopa cha mbuzi asanakhudze cha ng'ombe. Akadzudzulidwa asanyanyale, pakuti akale anati kuthyola ndiwo n'kuwerama. Pomwe sanamvetse afunse, paja safunsa anadya phula.

Nawonso amisiri asaumire luso lawo. Akalowa nalo m'manda, adzukulu awo adzavina ngoma atanyamula zishango za makatoni.