Wogula puloti pa Malomo naye afunsidwe

Chisankhireni Malomo, m'boma la Ntchisi, kukhala amodzi mwa malo omwe boma likuwatukula kuti akhale matauni a kumidzi, minda ya m'mbali mwa msewu wa Kasungu ndi Nkhotakota yayamba kusanduka mapuloti. Munthu akapata ndalama za soya kapena fodya amaganiza zomanga sitolo kapena nyumba ya lendi. Zikavuta timathamangira kuloza chala madobadoba ndi aja ogulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri. Ine ndikuti wogula naye afunsidwe, chifukwa mkangano umabadwa tsiku lomwe iye wasankha dala kusafunsa.

Malo ambiri kuno ndi a makolo, ndipo pa Chichewa munda umayenda ndi mbumba. Mkamwini sangaugulitse ngakhale ataulima zaka 20, ndipo mwinimbumba ndi wosunga chabe, wosungira alongo ake ndi ana awo. Wogula wobadwira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi izi amazidziwa bwinobwino. Tsono akakumana ndi mnyamata mmodzi wa pabanjapo kuseri kwa golosale mu Febuluwale, nkhokwe zitauma, n'kumupatsa ndalama zosakwana ndi theka lomwe la mtengo wa malowo, asadzanene kuti anamupusitsa. Anaona njala ya mnzake n'kuiyesa mwayi. Wogula woongoka amayamba wafika pabwalo masana, kuitanitsa amalume ndi amayi a pabanjapo, kuyenda m'malire pamodzi ndi oyandikana nawo, ndipo mmodzi akakana amabweza ndalama m'thumba.

Ena ati khalidwe n'la kutchalitchi, malonda amatetezedwa ndi lamulo. Lamulo lilipodi. La malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti otsogozedwa ndi agulupu, okhala ndi mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu mwa iwo amayi, komanso linatsegula njira yolembetsera malo a banja. Koma kalemberayu akuyenda pang'onopang'ono, ndipo malonda ambiri akuthera pa tsamba long'ambidwa m'kope, lokhala ndi chidindo cha mfumu ndi mboni ziwiri. Pepala lotere limalimba ngati osainawo ananena zoona. Wogula amene wapereka kangachepe kwa nyakwawa kuti idinde msanga ndi yemweyo wafooketsa umboni womwe adzaufune tsiku la mlandu, pakuti mfumu yodinda chifukwa cha ndalama idzadindanso kwa wobwera ndi zambiri.

Chonena china, chomwe sindichipeputsa, n'chakuti wochita zinthu moona amachedwa, ndipo puloti yabwino ya pamsewu imapita kwa wachangu. Zimachitikadi, ena mpaka amalemera nazo osagwidwa. Koma nyumba si thumba la mtedza loti ugule lero mawa ugulitse ku Lilongwe. Imakhala pomwepo zaka makumi, pakati pa anthu omwe akukumbukira momwe malowo anapezekera. Mwana amene anali m'kalasi pomwe munda wa amayi ake unkagulitsidwa adzakula, ndipo khomo la kwa mfumu ndi la kukhoti adzalidziwa. Chiletso cha khoti chikagwa khoma lili pa mawindo, simenti ndi njerwa zija sizibweza ndalama, wa lendi salowa, ndipo aliyense wofuna kugula amayamba wafunsa oyandikana nawo, omwe aja sanaitanidwe poyenda m'malire.