Soya wa ku Ntchisi akutsika phiri, mafuta ake akutsala kuti?

Mvula ikangokata, msewu wochokera pa boma la Ntchisi kupita ku Mponela umadzaza ndi malole. Amatsika atasenza soya, mtedza, chimanga, nyemba ndi mabelo a fodya. Akafika pa Mponela amalowa mumsewu wa M1, kudutsa Dowa Turn Off ndi Lumbadzi, ulendo wa ku Kanengo. Pobwerera amakwera ndi mafuta ophikira, sopo, nyama ya soya ndi chakudya cha nkhuku. Mayi wa kwa Kalumo amene anagulitsa soya pasikelo ya venda mu Meyi, ndi yemweyo amene mu Ogasiti akugula mafuta oyeza m'kapulasitiki pa golosale, pamtengo umene iye alibepo mawu. Kodi pakati pa munda wake ndi kapulasitiki aka, ndalama yatsalira m'thumba mwa yani?

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 m'boma la Ntchisi. Maboma awiriwa pamodzi ali ndi anthu opitirira miliyoni imodzi, chiwerengero chosatalikirana kwenikweni ndi cha dziko lonse la Mauritius, chilumba cha m'nyanja ya Indian Ocean chomwe kukula kwake sikufika ngakhale pa boma la Dowa lokha. Timakhala nacho pamodzi mu SADC ndi mu COMESA. Pamene chinkalandira ufulu mu 1968, patapita zaka zinayi ife titalandira wathu, pafupifupi zonse zimene chinkagulitsa kunja zinali shuga. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, James Meade, anali atachenjeza kale mu 1961 kuti anthu pachilumbapo akuchulukana mofulumira ndipo mbewu imodzi sidzatha kuwapatsa ntchito onse.

Eni chilumba sanazule nzimbe. Mu 1970 anakhazikitsa lamulo lopeputsira misonkho aliyense womanga fakitale yopanga katundu wogulitsa kunja. Mtengo wa shuga utakwera kwambiri chapakati pa zaka za m'ma 1970, gawo la phindu lake linalowa m'mafakitale osoka majuzi ndi malaya, ndipo kenaka kunabwera amalonda a ku Hong Kong ndi makina awo. Maphunziro a sekondale anawasandutsa aulere. Ngakhale makoko a nzimbe otsala akafinya madzi anayamba kuwatentha kuti apange magetsi. N'zoona kuti iwo ali ndi doko pa Port Louis pamene ife timadikira katundu wa pa Beira ndi Nacala, ndiponso anali ndi msika wa shuga wotsimikizika ku Ulaya. Koma chachikulu chimene anachita sichifuna nyanja: ndalama ya m'munda inamanga fakitale m'dziko momwemo, ana a odula nzimbe n'kupezamo ntchito.

Nanga ndalama ya fodya wa ku Dowa inamanga chiyani ku Dowa?

Tisaiwale kuti alimi a kuno anayamba kulima fodya wa chikopa wogulitsa m'zaka za m'ma 1920, ndipo boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti liziyang'anira malonda ake. Zaka pafupifupi 100 zapita. Agogo anadula mitengo ya m'mapiri awa kuchizira fodya, makolo anamanga zigafa, ana lero akusokabe masamba. ADMARC itabadwa mu 1971 inkagula mbewu za mlimi wamng'ono pamtengo wotsika, phindu n'kukalowa m'maesiteti ndi m'makampani a anthu ochepa, pamene mlimi yemweyo lamulo linkamuletsa kulima fodya wa bale mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Lero fodya amakagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, amakonzedwa ku Kanengo komweko, ndipo wochuluka amatuluka m'dziko ali masamba kuti ndudu zikapangidwe kwina. Ndani angatilozere chumuni cha fakitale imodzi ku Madisi, ku Nambuma kapena ku Malomo chimene chinamangidwa ndi thukuta la zaka zonsezi?

Tsopano alangizi akutiuza kuti tsogolo lili mu soya ndi mtedza, ndipo akunena zoona. Nthaka ya kuno imazikonda mbewu zimenezi. Koma tikapanda kusamala tidzangosintha mbewu, njira yotulutsira chuma ikhale yomweyo yakale. Mtedza wosenda, kaya CG7 kaya Nsinjiro, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta. Soya ali ndi mafuta pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo zotsala akafinya ndizo chakudya chimene oweta nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe za mkaka amachifuna usiku ndi usana. Thumba la soya likatsika phiri lisanafinyidwe, limatsika ndi mafuta, ndi chakudya cha ziweto, ndi ntchito ya mnyamata amene akanayendetsa makina, ndi ya mtsikana amene akanalemba mabuku a ndalama. Kenaka timadabwa kuona achinyamata omwewo ali pamzere wa pasipoti, maso ali ku Joni. Dziko limene likusowa ndalama zakunja, limene mu Novembala 2023 linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, likuitanitsabe mafuta osayenga kuchokera kunja. Zimenezi zikumveka kwa yani?

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, aima pa mizati itatu: ulimi wa bizinesi, mafakitale, ndi kukula kwa matauni. Mawu ake ndi abwino. Tikufunsa a unduna wa zamalonda ndi mafakitale: pa mapu anu, fakitale ya ku Ntchisi ili pati? Kapena m'maganizo mwanu mafakitale ndi a Kanengo, Makata ndi Chirimba basi, ife kuno ntchito yathu n'kudzaza malole?

Pali amene anayesapo kale. Pologalamu ya One Village One Product, imene tinaphunzira kwa anzathu a ku Japan n'kuyiyamba mu 2003, inapereka makina kwa magulu a alimi m'maboma osiyanasiyana. Ena anapita patsogolo, ambiri anaima. Zifukwa zake si zachinsinsi, ndipo apa ndi pamene tikufuna kukhalitsa.

Choyamba ndi magetsi. Makina ofinyira mafuta safuna nyali ya sola ya m'nyumba, amafuna mphamvu yofanana ndi ya chigayo, yosazimazima. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo aliyense wa chigayo akukumbukira miyezi imeneyo. Koma ku Salima, boma loyandikana nalo Dowa, kuli munda wa sola wa mamegawati 60 umene unayamba kugwira ntchito mu 2021. Dzuwa limene likuwala ku Salima ndi lomwelo likuwala ku Mvera. A MAREP, pologalamu yofikitsa magetsi kumidzi, akamasankha malo ofikitsako mawaya, amafunsa kuti soya wochuluka amatuluka kuti, kapena amafunsa kuti phungu wamphamvu amachokera kuti?

Kenaka pali ndalama yogulira mbewu. Kopaletivu ikhoza kukhala ndi makina abwino, koma makina amadya chaka chonse pamene mbewu imapezeka miyezi itatu. Pamafunika ndalama yochuluka nthawi yokolola, yogulira ndi kusunga. Banki imafuna chikole, ndipo munda wa makolo ulibe chikalata chimene banki ingachilandire. Chiwongoladzanja nachonso n'chothyola msana. Pamenepo venda wafika kale pakhomo ndi ndalama m'manja, mwana akufuna fizi, mkazi ali m'chipatala. Mlimi amadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tingamudzudzule bwanji akagulitsa pansi pa mtengo umene unduna wa zamalimidwe unalengeza, pamene palibe wina wagogoda pakhomo pake ndi mtengo wolengezedwawo? Boma limaika mabiliyoni ochuluka chaka ndi chaka mu feteleza wotsika mtengo, kuyambira FISP mu 2005 kufika AIP mu 2020. Sitikunena kuti fetelezayo achoke. Tikufunsa kuti pa kwacha iliyonse yothandiza mbewu kumera, ndi matambala angati amene amathandiza mbewuyo kusanduka katundu?

Nafenso alimi tili ndi mbali yathu, ndipo tisaibise. Mtedza wonyowetsedwa ndi madzi kuti usendeke msanga kapena kuti ulemere pasikelo umagwira chuku, ndipo chuku chimenechi chili ndi poizoni amene anatitsekera misika yabwino ya ku Ulaya kumene Chalimbana ankatamandidwa kale. Chiponde chopangidwa ndi mtedza wotere sichingalandire chidindo cha Malawi Bureau of Standards, ndipo popanda chidindo sichingalowe m'sitolo zikuluzikulu. Atsogoleri a makopaletivu amene amasokoneza ndalama za gulu ndi za m'thumba mwawo aphanso makina ambiri kuposa kuzima kwa magetsi. Mafumu athu, Gogo Chalo Msakambewa, Chiwere, Dzoole, Nthondo, Kasakula ndi anzanu, nkhani ya kunyowetsa mtedza inafikapo pabwalo lanu ngati mlandu? Koma a bungwe loona za miyezo nawonso atiyankhe: gulu la amayi a ku Kansonga likafuna kuyezetsa mafuta awo liyende mtunda wotani, lilipire zingati, lidikire miyezi ingati?

Msika wa katunduyu sitikuchita kuufuna kutali. Sukulu zogonera pompo monga Robert Blake ku Kongwe zimaphika tsiku lililonse. Zipatala za Dowa, Ntchisi, Mponela ndi Madisi zimadyetsa odwala. Ku Dzaleka, kumene kwakhala othawa kwawo kuyambira 1994, kuli anthu zikwizikwi amene amagula mafuta, ufa ndi sopo. Ana a m'sukulu za pulayimale amamwa phala la chimanga chosakaniza ndi soya, mbewu zomwe zimamera kuseri kwa sukulu zomwezo. Kodi ufa wa phala limenelo umagayidwa kuti?

Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi amatolera ziphaso m'misika, ndipo dera la phungu aliyense limalandira thumba la chitukuko chaka chilichonse. Pamsonkhano wotsatira wa bajeti ya khonsolo, khansala mmodzi aimirire afunse bwanamkubwa kuti malo amene anapatulidwira mafakitale pa Mponela ndi pa boma la Ntchisi ali pati, madzi ndi magetsi adzafikapo liti, ndipo ndi sukulu iti kapena chipatala chiti chimene chalonjeza kugula mafuta oyamba ofinyidwa pamenepo.