Mtsinje wa Lirangwe si bafa la galimoto yanu

Abale anga a ku Chileka, ku Lunzu ndi ku Lirangwe amene Mulungu wakudalitsani ndi kagalimoto, lero nkhani ndi yanu, ndipo amene akwiye akwiye. Mchitidwe wotsetsereka ndi galimoto kumtsinje Loweruka lililonse n'kukaitsukitsa ndi Surf ndi malaya akutha ndi umbuli, ngakhale mwini wakeyo atavala tayi. Mukuwononga zinthu ziwiri nthawi imodzi, madzi a anzanu ndi penti wa galimoto yomwe munaivutikira ndi ngongole. Za madzi ndikudziwa kuti ambiri sizikukuwawani, choncho ndiyamba ndi zimene zikukhudza thumba lanu.

Galimoto zathuzi, kaya ndi Vitz, Passo, Sienta kapena Mira, zimachoka ku Japan zikunyezimira. Zimatsika sitima ku Dar es Salaam, zimalowa pa Songwe, zimayenda M1 yonse mpaka kufika pakhomo zikadali phuliphuli. Pakangotha zaka ziwiri kapena zitatu denga layamba kutuwa, boneti yasupuka ngati khungu la munthu wopsa ndi moto, ndiye mwini wake amvekere "penti wa ku Japan ndi wachabechabe, sapirira dzuwa la kuno." Bodza limenelo. Dzuwa la ku Chileka ndi loopsa ndithu, poti kuno n'kotsika kuyerekeza ndi mumzinda wa Blantyre, koma dzuwalo limangomalizitsa ntchito imene nsanza yanu inayamba.

Penti wa galimoto amakhala m'magawo. Pachitsulo amayamba ndi penti woteteza dzimbiri, kenako utoto umene mumauonawo, ndipo pamwamba penipeni pamakhala kachikopa koonekera ngati galasi kamene amakatcha clear coat. Magawo onsewa kuphatikiza pamodzi ndi pafupifupi 0.1 mm mpaka 0.15 mm, kunena kwake ngati pepala limodzi la m'kope la mwana wasukulu. Kachikopa kapamwambako sikafika n'komwe theka la pepalalo, koma ndi komwe kamanyezimira, ndi komwenso kamatchinga utoto kuti usasuluke ndi dzuwa. Kakatha katha. Palibe polishi wa m'sitolo amene angakabwezeretse, kwatsala n'kukapopetsa penti wina basi.

Tsono taganizirani fumbi lathu la mu Ogasiti ndi Seputembala, la m'misewu ya kwa Kuntaja ndi yolowera ku Chingale, lija limakuta masamba a mango mpaka kufiira. M'fumbi limeneli muli timchenga ta mwala wa quartz. Pamuyeso wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, quartz ali pa 7, pamene galasi la pazenera lili cha m'ma 5.5. Mchenga umakanda galasi, nanga kachikopa kapulasitiki kaja kangalimbe bwanji? Munthu akatenga nsanza youma m'mamawa n'kumapukuta fumbi paboneti, amaganiza kuti akusamala galimoto, chikhalirecho akuipala ndi sandipepa. Imikani galimoto yakuda kapena yabuluu padzuwa la masana muyang'anitsitse, muona timizere tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude. Timizere timeneto ndi siginecha ya nsanza yanu.

Kumtsinje ndiye zimanyanya. Madzi amene mnyamata akutunga ndi chigubu chodula amawatunga pamalo pomwe matayala angovundula mchenga. Nsanza ikagwa pansi amangoikutumula kamodzi n'kupitiriza. Nsanza yomweyo wayamba nayo matayala ndi kunsi kwa zitseko komwe kuli matope ndi fumbi la mabuleki, ndiye akukwera nayo padenga. Mwini galimoto ali pamthunzi ndi botolo m'manja, akusangalala kuti walipira zochepa.

Nanga sopo waufayo? Surf, Omo, Boom ndi anzawo anapangidwira kuchotsa mafuta ndi thukuta m'zovala, ndipo ntchito imeneyo amaigwira bwino. Mwana wa Fomu 3 aliyense amene anaviikapo kapepala ka litmus kofiira m'madzi a sopo ameneyu akuuzani kuti kamasanduka kabuluu, poti muli soda wamphamvu. Pagalimoto sopoyu amasukuluza phula lonse loteteza penti, amaumitsa malabala a m'mazenera, ndipo timibulu take tosasungunuka timakandanso. Akaumira pachitsulo chotentha amasiya mawanga oyera. Sopo wamadzi wotsukira mbale ndi wofatsirako pang'ono, koma nayenso phula amachotsa, poti mafuta ndiwo adani ake.

Ndiye pali akatswiri a m'mbali mwa msewu amene amathira dizilo kapena palafini m'madzi otsukulutsira kuti galimoto iwale. Imawaladi tsiku limenelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawa lake mafutawo agwira fumbi lonse la mumsewu, ndipo nsanza youma ija ibweranso. Palafini ntchito yake n'kudonthezera pakansalu n'kuchotsera kadontho ka phula la mumsewu kamene kamatirira kunsi kwa chitseko, kenako n'kutsukapo msanga. Ena amapaka mafuta a mabuleki pamatayala kuti ade bii, osadziwa kuti mafuta amenewa akadonthera papenti amamudya mpaka kutukusira. Wina ndinamuona akupaka Cobra wa pansi paboneti. Safunsa anadya phula, anatero akuluakulu, ndipo apa mwambiwu wagwera pake penipeni.

Kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndipo inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Penti wa galimoto, thina ndi clear coat zambiri zimachokera kunja. Pitani ku Ndirande mukafunse opopera penti mtengo wa denga ndi boneti zokha, mukabwere mundiuze ngati Surf wa kumtsinje uja anali wotchipa. Ndipo penti wopopera pabwalo, fumbi likuuluka, safanana ndi wa kufakitale amene anaumitsidwa mu uvuni. Tsiku logulitsa galimotoyo wogula akangoona kusiyana kwa utoto aganiza kuti inachitapo ngozi, mtengo n'kutsika.

Tsopano za madzi, zomwe kwa ine ndiye zazikulu. Galimoto ikalowa mumtsinje sikusiya fumbi lokha. Kunsi kwake kuli oyilo wodontha, girizi, dizilo ndi fumbi la mabuleki, ndipo amaminibasi ndi amalole a mchenga amatsukira komweko injini yonse. Oyilo sasungunuka m'madzi, amayala pamwamba kachikopa kamitundumitundu ngati utawaleza n'kumatsetsereka nako. Mamita ochepa kumunsi kuli mayi akuchapa matewera, kuli ana akusamba, kuli ng'ombe ndi mbuzi zikumwa, kuli bambo akutunga ndi khasu lake pambali kuti athirire tomato ndi mpiru zomwe inu nomwe mudzagule pamsika wa Lunzu Lamlungu. Mjigo ukawonongeka m'mudzi, ndipo imawonongeka kawirikawiri, anthu amabwerera kumtsinje womwewo ndi ndowa zakumwa. Sindikunena kuti oyilo amayambitsa kolera. Ndikunena kuti mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za mumzinda wa Blantyre ndi Lilongwe kuchedwa kutsegulira mu Januwale 2023, unationetsa poyera kuchuluka kwa anthu amene moyo wawo uli pamadzi a m'mitsinje ndi m'zitsime zosatetezedwa. Munthu amene unaona zimenezo ndi maso ako, ungakaimikenso galimoto pamadzi a anzako?

Ndipo madzi a Lirangwe, a Lunzu ndi a Likhubula onse amathera mu Shire. Shire yemweyo ndi amene Blantyre Water Board imapopa pa Walker's Ferry, kudzera pamakina a pa Chileka pompano, kukweza madziwo pafupifupi mamita 800 kuti akafike mumzinda. Malamulo aliponso. Water Resources Act ya 2013 ndi Environment Management Act ya 2017 zonse zimaletsa kuipitsa madzi. Koma lamulo likakhala m'kabati ku Lilongwe silingathamangitse minibasi pamlatho. Amene angathe ndi mafumu athu. Nyakwawa imene imatha kulipiritsa munthu nkhuku chifukwa chosapita kumaliro ingalephere bwanji kuletsa galimoto padooko pamene amayi ake amatunga madzi?

Ndikudziwa zomwe muyankhe. Choyamba mukuti anyamata otsuka galimoto kumtsinje akupezerapo ya sopo ndi ndiwo, ndiye aphunzitsi mukufuna akabe? Ayi, ndipo mlandu sindikuuika pa iwo. Mnyamata amatsuka pomwe bwana waimika galimoto. Koma amene mukunamizira kuwamvera chisoninu, munayamba mwaganizapo kuti mnyamatayo amaima m'madzi tsiku lonse, madzi omwe muli nkhono zofalitsa likodzo, manja ali m'sopo wa soda mpaka kung'ambika? Ngati mumamukondadi muitanireni kunyumba, mumupatse zidebe ndi nsalu zoyenera, mumulipire bwino. Kapena athandizeni anyamatawo kupeza malo kutali ndi mtsinje, akumbe dzenje athiremo miyala ndi mchenga kuti madzi akuda azilowa pansi, monga amachitira ma car wash ena a m'tauni. Ntchito ikhalapobe, mwinanso yochuluka.

Chachiwiri mukuti madzi a pampopi ndi odula, mabilu akupweteka. Apa mukunena zoona, ndipo n'chifukwa chake wothirira galimoto ndi paipi kwa ola lathunthu, pamene anzake a kumtunda mipopi ili gwaa, nayenso ndilibe naye mawu abwino. Madzi okwera phiri ndi magetsi a ku Nkula si oseweretsa. Koma Vitz kapena Sienta imayera bwinobwino ndi zidebe zitatu za malita 20. Amene ali ndi ya petulo wopitira kumtsinje ndi kubwerako sangalephere malita 60 a madzi. Nthawi ya dzinja ndiye kungotchera mgolo pansi pa malata, ndipo madzi amvula ndi abwino kuposa a pamjigo, poti a pamjigo ambiri kuno ali ndi mchere umene umasiya mawanga akauma.

Katsukidwe kake n'kosavuta. Imikani galimoto pamthunzi, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, chitsulo chili chozizira, ndipo ikhale pakapinga kapena padothi kuti madzi alowe pansi m'malo mothamangira mumngalande. Yambani mwaithira madzi okhaokha kuti fumbi litsetsereke lokha musanaikhudze. Chidebe chimodzi chikhale cha shampu ya galimoto, yomwe kachivindikiro kamodzi kapena tiwiri timakwana, china cha madzi oyera otsukuluzira nsalu. Mukapukuta kachigawo kamodzi, tsukuluzani nsaluyo m'madzi oyerawo mchenga utsikire pansi, kenako muiviikenso m'thovu. Kuyambira padenga kutsika, osakanikiza, matayala pomaliza ndi nsalu yawoyawo. Nsalu yabwino ndi ya microfibre, koma thaulo lofewa la pakaunjika lochapidwa bwino, lopanda zipi kapena mabatani, liposa kutali malaya akutha aja. Nsalu ikagwa pansi yatha ntchito tsiku limenelo. Pomaliza umitsani galimoto musanaisiyire dzuwa.

Pa za polishi anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Polishi weniweni, makamaka uja wokhakhala amati compound, amawalitsa pochita kupala kachikopa kaja pang'ono kuti timizere tifafanizike. Ndiye kuti wopaka compound mwezi ndi mwezi akudya yekha penti wake, ndipo m'makona ndi m'mphepete mwa boneti, momwe penti ndi wopyapyala, ndimo mumayamba kuboola. Kamodzi pachaka n'kokwanira, ndipo galimoto ina sifuna n'komwe. Chofunika kawirikawiri ndi phula, lija amalemba wax pachitini, lomwe silipala kanthu koma limangoyala chotchinga pamwamba. Lambiri limapangidwa ndi carnauba, phula lochokera kumasamba a mtengo wa mtundu wa mgwalangwa wa ku Brazil. Kutentha kwa kuno silikhalitsa, miyezi iwiri kapena itatu latha. Kudziwa kwake n'kuthira madzi paboneti. Akachita timadontho tozungulira n'kumagubuduka ndiye kuti lilipo, akangoyala ngati pambale ndiye kuti nthawi yakwana. Pakani mopyapyala, likachita mbuu pukutani ndi nsalu yoyera. Kuunjika lambiri n'kungotaya ndalama.

Mdani wina ali pamthunzi womwe timaukondawo. Zitosi za mbalame ndi za mileme, ndiponso utomoni wa mango, zikakhala paboneti yotentha masiku awiri zimalowerera m'kachikopa kaja n'kusiya chipsera chosachoka. Musazipale ndi chikhadabo. Ikanipo nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo zifewe, kenako muzinyamule.

Mawu otsiriza apite kwa aphunzitsi anzanga, poti ena mwa ife tsopano tili ndi timagalimoto ta ngongole ya ku SACCO. Ndaonapo pasukulu zina mwana wochedwa kapena wolongolola m'kalasi akupatsidwa chibalo chotsuka galimoto ya aphunzitsi, anzake ali m'kalasi akuphunzira masamu. Galimotoyo si katundu wa sukulu, ndipo kholo la ku Mdeka kapena kwa Kunthembwe limene lagulitsa mbuzi kuti lilipire fizi silinatumize mwana wake kudzakhala wantchito wa munthu. Mwana wopsa mtima, wonyamula ndowa ya pamjigo ndi chiguduli chokolopera m'kalasi, mukuganiza kuti boneti yanu aisisita mwachikondi? A komiti ya makolo ndi aphunzitsi akaona zimenezi azifunsa pamsonkhano, mwini galimotoyo ali pomwepo.