Tsamba Likakana Kutseguka, Musathamangire Kofulasha Foni

Abale ndi alongo a ku Ulongué, Domué, Tsangano, Zóbuè ndi midzi yonse ya m'malire, sabata ino tikambe za vuto limene likudyetsa anthu ndalama pachabe. Munthu afuna kuona uthenga wa ntchito kapena kulembetsa mwana ku sukulu, koma tsamba la pa intaneti likukana kutseguka. Iye aganiza kuti foni yafa, ndipo m'mawa mwake akwera njinga kukaipereka kwa mnyamata wokonza mafoni ku msika. Mnyamatayo aifulasha, manambala a achibale ndi zithunzi za ana zonse zipita, ndalama alipira, koma pofika kunyumba tsamba lija likukanabe. Nthawi zambiri foniyo imakhala ilibe matenda ayi. Safunsa adadya phula, choncho tiyeni tifunse kaye kuti tsamba limachokera kuti.

Tsamba limene mumaliona silikhala m'foni mwanu. Limakhala m'kompyuta ina yaikulu yosazimitsidwa usana ndi usiku, imene amaitcha seva. Seva ili ngati nkhokwe ya mwini wake, ndipo Chrome, Opera Mini kapena Firefox, mapulogalamu amene mumatsegulira masamba aja, ali ngati mwana amene mwamtuma ndi dengu kukatapa. Mukalemba dzina la tsamba, pempho lanu lichoka m'foni kupita pa nsanja ya netiweki, pa nsanjapo lilowa m'zingwe, ndipo ngati sevayo ili kunja kwa dziko, liwoloka nyanja kudzera m'zingwe zogona pansi pa madzi. Chingwe cha SEACOM chidayamba kugwira ntchito mu 2009 ndipo cha EASSy mu 2010, zonse ziwiri zidatulukira ku Maputo. Njira ya masamba a pa intanetiyi adaiyambitsa ndi Tim Berners-Lee, munthu wa ku Britain, amene adalemba maganizo ake mu 1989 akugwira ntchito ku CERN pafupi ndi Geneva, ndipo mu 1993 a CERN adalola kuti aliyense aigwiritse ntchito kwaulere.

Ndiye mwana wotumidwa uja akabwera ndi dengu lopanda kanthu, zifukwa zingakhale zingapo. Mwina njira yaduka, mwina mwamuuza nkhokwe yolakwika, mwina mwini nkhokwe watseka, kapenanso dengulo ndilo lili ndi zinyalala zakale. Tione chimodzi chimodzi.

Poyamba yesani tsamba lina lodziwika, monga la Google. Nalonso likakana, ndipo pa Chrome paoneka kanyama kaja konga buluzi woimirira, dziwani kuti vuto ndi njira. Onani ngati mamega alipo. Kenaka yang'anani pamwamba pa foni, muwerenge dzina la netiweki imene yagwira. Ili ndilo vuto lathu ife a m'malire. Munthu ali ku Calómuè kapena ku Biriwiri ndi khadi la Vodacom, Movitel kapena Tmcel, koma nsanja ya tsidya lija ndiyo ili pafupi, ndipo foni yalumphira pa TNM kapena Airtel ya ku Malawi. Zikatero mamega amene mudagula kuno kawirikawiri sagwira ntchito, ndipo ngati malo olembedwa kuti roaming ali otsegula, mayunitsi anu amatha msanga ngati mchere m'madzi chifukwa mukulipira ngati mlendo. Tsekani roaming, ndipo m'malo molola foni kusankha netiweki yokha, isankhireni inu nokha ya kampani yanu. Ambiri a ife tili ndi makhadi awiri m'foni imodzi, la kuno ndi la ku Malawi. Onetsetsani kuti khadi limene mwalipatsa ntchito ya intaneti ndi lomwe lili ndi mamega. Zikavutabe, zimitsani foni ndi kuiyatsanso kuti ifunefune nsanja mwatsopano.

Ngati masamba ena akutseguka koma limodzi lokha ndilo likukana, werengani zimene zalembedwa pa foniyo, musangotseka. Nambala 404 itanthauza kuti mwafika pa nkhokwe yoyenera koma chimene mwapemphacho palibe. Mwina mwaphonya chilembo chimodzi polemba, kapena eni ake adachotsa tsambalo. Nambala 500 kapena 503 itanthauza kuti seva yeniyeniyo ndiyo yadwala kapena yalemedwa ndi anthu ochuluka, monga zimachitikira aliyense akamafuna kulembetsa chinthu tsiku lomaliza. Pamenepa ngakhale mutagula foni yatsopano palibe chingasinthe. Dikirani, muyesenso usiku kapena m'bandakucha anthu atachepa.

Pali uthenga wina umene umaopsa ambiri. Pa foni ya Chipwitikizi umati A sua ligação não é privada, kutanthauza kuti foni siikukhulupirira tsambalo. Tsamba lililonse loyamba ndi https limakhala ndi chiphaso chokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndipo foni imayerekeza masiku amenewa ndi tsiku limene iyo ikudziwa. Kuno kwathu kumene magetsi ndi a dzuwa kapena olipira pa golosale, foni ikhoza kugona masiku angapo yozima kapena batire itachotsedwa, ndipo podzuka ikhala itabwerera ku chaka chakale. Ikaona chiphaso chabwinobwino iganiza kuti nchabodza. Konzani tsiku ndi nthawi, makamaka muiuze kuti izitenga nthawi ku netiweki, ndipo kawirikawiri uthengawo uchoka. Koma ngati tsiku lili bwino ndipo uthengawo ukubwerabe, mverani chenjezo. Musalembepo nambala ya chinsinsi kapena ya chitupa chanu.

Tsono za dengu la zinyalala lija. Pofuna kukusungirani mamega, Chrome ndi anzake amasunga zidutswa za masamba amene mudawatsegulapo kale. Eni tsamba akasintha zinthu, zidutswa zakale zisakanikirana ndi zatsopano, ndipo tsamba lioneka lopindika kapena batani likana kudinika. Lowani pa timadontho titatu ta pakona, mufune pamene palembedwa za kufafaniza dados de navegação, musankhe zithunzi ndi mafayilo osungidwa okha. Izi sizikhudza manambala a achibale kapena zithunzi zimene mudajambula. Chenjerani pokha pa malo a mawu achinsinsi. Mukachonga pamenepo musanawalembe m'kope, mudzavutika kulowanso. Dziwaninso kuti Opera Mini, imene ambiri amaikonda chifukwa chosadya mamega, imayamba yapititsa tsamba ku maseva ake kuti alichepetse lisanafike kwa inu. Powerenga nkhani nzabwino, koma mafomu ena olembetsera amasokonekera. Fomu ikakana pa Opera Mini, yesani pa Chrome musanataye mtima.

Tisaiwale masamba a akuba. Umabwera uthenga pa WhatsApp wonena kuti boma kapena kampani ya mafoni ikugawa ndalama, feteleza kapena mamega, dinani apa. Tsambalo limakhala ndi mbendera ndi zizindikiro zonse, pakuti kukopera chithunzi nkosavuta. Chimene wakuba sangakopere ndi dzina. Werengani dzina la tsamba pamwamba mpaka pamene pali kamzere kopendama koyamba. Masamba ambiri a boma lathu amathera ndi gov.mz, a boma la Malawi ndi gov.mw. Ngati pambuyo pa gov.mz pali kadontho kena ndi mawu ena, tsambalo ndi la mwini mawu otsirizawo, si la boma. Ndipo nambala yanu ya chinsinsi ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh siyoti muzilemba pa tsamba limene wina wakutumizirani. Chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Tsopano mawu kwa magulu a alimi a mbatata ya kachewere, nyemba ndi soya, amipingo ndi makomiti a sukulu amene akufuna tsamba lawolawo kuti ogula a ku Tete, Beira kapena Lilongwe aziwapeza. Tsamba lili ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake. Choyamba ndi dzina. Maina a dziko lathu amathera ndi .mz, chizindikiro chimene chidalembetsedwa mu 1992, ndipo amene adayamba kuchiyang'anira ndi a malo a makompyuta a pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Dzina siligulidwa kamodzi ngati mbuzi. Limabwerekedwa, ndipo mumalipira chaka ndi chaka. Chachiwiri ndi malo pa seva, amenenso amachita lendi pa mwezi kapena pa chaka. Chachitatu ndi tsamba lenilenilo, mawu ndi zithunzi, limene munthu amalimanga kamodzi nkumalikonzakonza.

Apa mpamene magulu amagwera m'mbuna. Asonkha ndalama, apatsa mnyamata wodziwa kompyuta, iye alembetsa dzina la gulu m'dzina lake ndi pa imelo yake. Chaka chisanathe wapita ku Joni kukafuna ntchito, nambala wasintha. Kalata yokumbutsa kulipira ifikira iyeyo, gulu silidziwa kanthu, ndipo tsiku lina tsamba lingozimirira. Dzina likakhala nthawi osalipiridwa, munthu wina aliyense ali ndi ufulu wolitenga, pamene inu mudalisindikiza kale pa matumba ndi pa chikwangwani. Choncho musanapereke ndalama, gwirizanani polemba kuti dzina ndi malo a pa seva zilembetsedwe m'dzina la gulu ndi pa imelo ya gulu. Mawu achinsinsi asungidwe ndi anthu awiri, monga mlembi ndi msungichuma. Tsiku lolipira lilembedwe m'buku la msonkhano, ndipo womangayo akupatseni kope la tsamba lonse pa fulashi kuti seva ikadzavuta musadzayambirenso pansi.

Muuzeninso womangayo kuti amene adzaliwerenge ali pa foni, mamega ake ndi owerengeka. Chithunzi chimodzi chochokera m'kamera chikhoza kulemera mamega atatu kapena anayi, pamene chitachepetsedwa chioneka bwino ndithu pa foni ndi kagawo kochepa ka mega imodzi. Tsamba la gulu la alimi silifuna nyimbo kapena zithunzi zovina. Lifuna dzina la gulu, kumene muli, zimene mumagulitsa, miyezi yokolola ndi nambala yoyamba ndi +258 kuti wa kunja aimbe mosavuta. Lisanalandiridwe, liyeseni pa foni yotsika mtengo muli kumudzi komweko, osati pa kompyuta ya mu ofesi ku Ulongué. Za chiphaso cha https chija, bungwe la Let's Encrypt lakhala likupereka ziphaso zaulere kuyambira 2015, choncho wina akakutchulirani mtengo waukulu wa chiphaso, mfunseni kuti bwanji osagwiritsa chaulerecho.

Ena adzati, nanga si Facebook ndi yaulere? Inde, ndipo kwa gulu longoyamba kumene ndi poyambira pabwino. Kungoti kumeneko muli ngati wolima m'munda wobwereka. Eni ake akatseka akaunti, kapena amene adaitsegula akakangana ndi gulu, zonse zimene mudadzala zitsala komweko. Ngakhale pamenepo, oyang'anira akhale awiri kapena atatu.

Dulani tsamba lino mulisunge, ndipo amene mumatha kuwerenga muwawerengere anzanu pa bwalo kapena potuluka m'tchalitchi. Amene muli ndi mafunso a mafoni ndi intaneti, lembani kalata ku nyuzipepala ino, tidzayankha m'masabata akubwerawa. Tsalani bwino.