Khola la waya silipanga dzira labwino

Masiku ano ambiri a inu mwayamba kuweta nkhuku zoikira mazira. Zimenezi ndi zabwino chifukwa dzira ndi ndiwo yosavuta kupeza, ndipo dzira limodzi lili ndi pafupifupi magalamu 6 a chakudya chomanga thupi. Mwana akakwanitsa miyezi 6 akhoza kuyamba kudya dzira lophika bwino m'phala lake, ndipo mayi woyembekezera nayenso amafunika mazira.

Koma pali mawu amene afala akuti mlimi wotsogola ndi amene wagula makola a waya, aja ena amati magayola, n'kutsekeramo nkhuku zitatu kapena zinayi m'kachipinda kamodzi. Maganizo anga ndi akuti musafulumire kutenga ngongole chifukwa cha waya. Tiyeni tione bwino nkhaniyi.

Sitingakane kuti makola a waya ali ndi ubwino wake. Nkhuku ikaikira, dzira limagubuduka n'kupita kunja, motero silikhudzana kwambiri ndi zitosi. Popeza nkhukuyo siponda zitosi zake, njoka za m'mimba ndi matenda otsegula m'mimba a magazi siziivuta kawirikawiri. Chakudya sichitayika chambiri, mazira sasowa, ndipo inu mukhoza kudziwa msanga nkhuku imene yasiya kuikira.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chigoba cha dzira limodzi chimafuna pafupifupi magalamu 2 a kashiamu. Chakudya chikapanda kashiamu wokwanira, nkhuku imamutenga m'mafupa ake. Tsono nkhuku yotsekeredwa siyenda, sipalasa, sitambasula mapiko, choncho mafupa ake amafooka kwambiri. Ina imangokhala pansi osatha kuimirira, n'kulephera kufika pa madzi. Kodi nkhuku yotereyi ikupatsani mazira angati?

Vuto lina ndi kutentha. Inu a mumzinda wa Tete ndi a ku Moatize mukudziwa mmene dzuwa limaombera mu Okutobala ndi Novembala, mpaka kupitirira madigiri 40. Nkhuku situluka thukuta. Ikamva kutentha imayasama kukamwa n'kumapuma mwawefuwefu, imadya pang'ono, imachepetsa kuikira, ndipo chigoba chimatuluka chopyapyala. Nkhuku yapansi imathawira pamthunzi kapena kudzikwirira m'dothi lozizira. Nanga ya m'waya, pansi pa malata, ithawira kuti? Ku Angónia ndi ku Tsangano nyengo ndi yozizirirapo, koma nakonso kuthithikana kumabweretsa kujomphana ndi kusweka kwa mazira.

Dziwaninso kuti maiko ena amene anagwiritsa ntchito makola otere kwa zaka zambiri anabwerera m'mbuyo. Ku Switzerland analeka mu 1992. Maiko a m'bungwe la European Union anapanga lamulo mu 1999, ndipo kuyambira mu 2012 makola opanikiza aja ndi oletsedwa kumeneko. M'makola akalewo nkhuku imodzi inkapatsidwa masikweya sentimita 550, malo ochepa kuposa pepala limodzi la A4. Makola amene amaloledwa tsopano ayenera kukhala ndi masikweya sentimita 750 pa nkhuku iliyonse, chisa choikiramo, kamtengo kogonapo ndi popalasa. Tsono ife tigulirenji modula chimene anzathu anachitaya?

Chimene chimabweretsa mazira ambiri ndi mtundu wa nkhuku ndi chisamaliro. Nkhuku yachikuda imaikira mazira 40 mpaka 60 pachaka. Ya mtundu wa mazira ikhoza kufika pa 300, kaya ili m'waya kaya ili pansi, malinga ngati ikudya magalamu 110 mpaka 120 a chakudya chakasakaniza patsiku, ikumwa madzi oyera nthawi zonse, ndiponso ikuona kuwala kwa maola 16. Madeya okhaokha sangakwanitse zimenezi.

Kukoma kwa dzira nakonso kumayambira m'chakudya. Chikasu cha m'kati mwa dzira chimapsa bwino nkhuku ikamadya masamba obiriwira kapena chimanga chachikasu. Kulimba kwa chigoba kumadalira kashiamu ndi nyengo. Waya salowapo pamenepa.

Ena amaganiza kuti waya amatchinga matenda onse. Si zoona. Mu Okutobala 2023 chimfine cha mbalame chinabuka pa famu ina ya nkhuku zamazira m'boma la Morrumbene, m'chigawo cha Inhambane, ndipo nkhuku zoposa 45,000 zinaphedwa n'kukwiriridwa. Pamene nkhuku zili zambiri pamodzi, matenda amayenda ngati moto wolusa. Chitopa nachonso sichiopa waya. Chimaopa katemera, monga uja wa I-2 wodontheza m'diso, amene amaperekedwa katatu pachaka.

Ndiye muchite chiyani? Ngati muli ndi nkhuku 50 kapena 100, mangani khola lapansi lopita mphepo bwino, la denga laudzu kapena la malata okwezeka. Thirani utuchi kapena mankhusu a mpunga, ndipo azikhala ouma nthawi zonse. Nkhuku zisapitirire 6 pa sikweya mita imodzi. Ikani chisa chimodzi pa nkhuku 5 zilizonse ndi mitengo yogonapo. Tolani mazira kawiri kapena katatu patsiku kuti asade kapena kusweka. Koma musadzinamize: khola lapansi lonyowa ndi lauve ndi loipa kuposa khola la waya losamalidwa bwino. Ngati munagula kale magayola, chepetsani nkhuku m'kachipinda kalikonse, aikeni pamthunzi, ndipo chotsani zitosi kawirikawiri.

Pali chinthu china chokhudza moyo wa anthu. Mukapatsa nkhuku mankhwala opha tizilombo, ena mwa mankhwalawo amalowa m'dzira. Funsani alangizi a ziweto masiku oyenera kudikira, ndipo musagulitse mazirawo masikuwo asanakwane. Amene adzadye dziralo ndi mwana wa mnansi wanu.

Inu ogula, musafunse za waya. Yang'anani dziralo. Lisakhale losweka kapena lopakika zitosi, chifukwa tizilombo ta Salmonella timatsegula m'mimba, makamaka ana ndi okalamba. Dzira latsopano limamira m'madzi, lokhalitsa limayandama. Musatsuke mazira n'kuwasunga, atsukeni pamene mukufuna kuphika. Aphikeni mpaka chikasu chilimbe, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukawagwira.

Ndalama imene mukanagulira waya igulireni chakudya chabwino, katemera ndi zomweramo madzi. Nkhuku ikakhala ndi mphamvu, mazira sadzasowa m'mbale ya ana anu.