Chingerezi cha pa botolo la mankhwala: tisachiope, tichiphunzire

 

Masiku apitawa kunabwera mayi wina kunyumba kwanga chakumadzulo, wa mudzi woyandikana nafe kuno ku Namitambo. Mwana wawo wa zaka ziwiri anatentha thupi, ndipo m'nyumba munali panado wamadzi amene bambo a mwanayo anatumiza kuchokera ku Joni. Pa botolo panalembedwa kuti "every 6 hours". Mayiwo anaitana mwana wawo wamkulu wa Sitandade 5 kuti awerenge. Iye atangoona 6 anati, "Amayi, akuti kasanu ndi kamodzi pa tsiku." Mwamwayi mtima unawakayikitsa, anabwera kudzafunsa. Mawuwo amatanthauza kuti pazipita maola 6 musanam'patsenso, ndiye kuti osapitirira kanayi usana ndi usiku womwe. Panado akachuluka m'thupi amaononga chiwindi, ndipo zizindikiro zake sizioneka msanga. M'mawa mwake anapita naye kukayezetsa malungo, monga mmene tiyenera kuchitira mwana aliyense akatentha thupi.

Maganizo anga ndi awa: banja lililonse likhale ndi munthu mmodzi wodziwa kuwerenga Chingerezi cha pa mankhwala. Mankhwala ambiri amene timamwa amachokera kunja, monga ku India, ndipo malangizo ake amabwera m'Chingerezi. Chabwino n'chakuti Chingerezi chimenechi n'chochepa. Chimangobwerezabwereza kalembedwe kasanu. Tiyeni tione.

1. MAWU OYAMBA NDIWO LAMULO

Ife tikamatuma mwana timati, "Tunga madzi," "Tseka chitseko." Mawu a ntchito amakhala patsogolo. Chingerezi chimateronso. Choncho yang'anani mawu oyambirira pa mzere.

"Take" ndi kumwa. "Give" ndi kum'patsa mwana. "Shake well" akuti khutchumulani botolo bwinobwino, chifukwa mankhwala ena amadikha pansi. "Dissolve" akuti sungunulani m'madzi, ngati mmene timachitira ndi Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi aukhondo. "Keep" kapena "Store" akukamba za kasungidwe. "Apply" akuti pakani. Mukaona "Apply" kapena "For external use only", amenewo ndi opaka pakhungu basi. Mankhwala ena a mphere amakhala oyera ngati mkaka, m'botolo lofanana ndi la mankhwala akumwa. Asalowe m'kamwa.

2. "DO NOT" NDI KULETSA

M'Chichewa kuletsa kumabisala m'kati mwa mawu: imwani, musamwe. M'Chingerezi kumaima pakokha, patsogolo. Mawu awiri akuti "Do not" akatsogola, zonse zobwera pambuyo pake n'zoletsedwa. "Do not chew", musatafune. "Do not exceed", musapyole muyezo umene atchula. Mwana wowerenga mothamanga akhoza kudumpha kamawu kameneka, lamulo lonse n'kutembenuka.

Palinso "Not for children under 12 years". "Under" ndi wosakwana zaka zimenezo, "over" ndi wopitirira. Musagawe pakati mbulu wa akuluakulu n'kuganiza kuti wasanduka wa mwana.

3. NAMBALA IMATANTHAUZA MALINGA NDI MAWU OYANDIKANA NAYO

Apa ndi pamene anatsala pang'ono kugwera mayi aja. Ife timati "masiku asanu", nambala pambuyo. Chingerezi chimaika nambala patsogolo, choncho muziwerenga mawu otsatira nambalayo.

Taonani mzere uwu: "Give 5 ml three times a day for 5 days." Muli manambala atatu, ndipo iliyonse ikuyankha funso lakelake. "5 ml" ndi muyezo wa nthawi imodzi. "Three times a day" ndi katatu pa tsiku. "For 5 days" ndi kwa masiku asanu.

"Once" ndi kamodzi, "twice" ndi kawiri. Kuyambira katatu amawonjezera mawu akuti "times". "Every" ndi china: akukuuzani maola odikira. "Every 8 hours" ndi katatu pa tsiku, osati kasanu ndi katatu.

"For" ndi kamawu kakang'ono, koma ndi kamene timakanyozera kwambiri. Mankhwala a malungo a LA, amene tinayamba kugwiritsa ntchito m'dziko muno mu 2007, ndi a kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, maulendo 6 onse pamodzi. Zinc wa mwana wotsegula m'mimba ndi wa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegulako kutasiya. Mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri, ambiri timasunga otsala kuti "adzathandize tsiku lina". Matenda amabwereranso, ndipo tizilombo timazolowera mankhwalawo.

Chenjeraninso ndi "teaspoon" ndi "tablespoon". Mawuwa akufanana, koma yoyambayo ndi 5 ml, yachiwiriyo ndi 15 ml, katatu konse. Masipuni a m'nyumba mwathu ndi osiyanasiyana kukula, choncho gwiritsani ntchito kakapu kapena kasipuni kamene kabwera ndi botolo.

4. "BEFORE", "AFTER" NDI "WITH"

"Before meals", musanadye. "After meals", mutadya. "With food", pamodzi ndi chakudya. LA amalowa bwino m'thupi munthu akadya chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala lothira nsinjiro, kapena mwana akayamwa.

Mawu akuti "Use before" kapena "EXP" akusonyeza nthawi imene mankhwala athere mphamvu. Nambala yoyamba kawirikawiri ndi mwezi, yachiwiri ndi chaka. "MFG" ndi nthawi imene anapangidwa, musasokoneze ziwirizi. Pogula mankhwala, onani pamenepa musanatulutse ndalama.

5. "IF" NDI "NGATI"

"If symptoms persist, see a doctor." Akuti ngati sizikusintha, pitani kuchipatala. Mbali yoyamba ikunena chimene chingachitike, yachiwiri ikunena choti muchite. Koma mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse, akamakana kuyamwa kapena akamapuma mobanika, musataye nthawi ndi botolo. Nyamukani.

Ndikudziwa ena mukuti, "Anesi, ife sukulu inatikanika. Si ntchito yanu imeneyi?" Mukunena zoona. Ndi udindo wathu kukufotokozerani m'chilankhulo chimene mukumva. Nafenso timalakwitsa: mzere ukatalika timayankhula mothamanga, timangolemba 1x3 pa kapepala n'kuitana wina. Ndipo ine ndimaona kuti mankhwala ogwiritsidwa ntchito kwambiri m'midzi ayenera kumabwera ndi malangizo a m'Chichewa. Zimenezi ndi zoti akuluakulu a zaumoyo aziganizire.

Koma mwana akatentha thupi pakati pa usiku, namwino sakhalapo. Mumakhala inu, tochi ya foni ndi botolo. Nthawi imeneyo mawu ochepa amenewa ndiwo amakuthandizani.

Ndiponso musadzichepetse. Boma lathu la Chiradzulu ndi limodzi mwa malo oyamba m'Malawi kumene anthu anayamba kulandira ma ARV, mu 2001, mothandizidwa ndi bungwe la MSF. Agogo amene sanalowepo m'kalasi anaphunzira mawu ngati CD4 ndi "viral load", anaphunzira kusunga nthawi yomwera mankhwala tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri tili nawo mpaka lero. Ngati izo zinatheka, "twice" ndi "do not" sizingatikanike.

Ndiye tichite chonchi. Madzulo ano tulutsani mabotolo ndi mapaketi onse amene muli nawo m'nyumba. Khalani pansi ndi mwana wasukulu, mufufuze zinthu zisanu zija. Mwanayo aphunzirapo Chingerezi, inu muphunzirapo kasamalidwe ka banja. Amene atha nthawi muwaike padera, mukafunse kuchipatala mmene mungawatayire, ndipo onse musunge pamene ana sangafike.

Mukalandira mankhwala kuchipatala, musachoke pawindo musanabwereze ndi pakamwa panu: "Mwati angati, kangati, kwa masiku angati?" Kufunsa sikuchititsa manyazi. Mukakayika muli kunyumba, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena imbani ku Chipatala Cha Pa Foni.

Uthengawu mukawauzenso anzanu ku sikelo, kumjigo ndi ku banki m'khonde. Muwerengereni mnzanu amene sadziwa kuwerenga. Tsalani bwino, ndipo ana athu akule ndi thanzi.